Ndime Yomaliza ya Ndakatulo ya Ndowa

6 Febuluwale

Alamu anga a Kandakanda,

Ndikupatsani moni, ngakhale kuti woyamba kupereka moni munayenera kukhala inu poti wamkulu ndine. Kuno tadzuka, kupatula phewa lamanjali limene adokotala alisandutsa munda wawo. Mlongo wanu ali bwino, ndipo ndi amene wagwira cholembera. Ndamuuza kuti alembe zokhazo zimene ndikunena, asathiremo mchere wake. Mukaona mawu aulemu kwambiri penapake, dziwani kuti si anga.

Mwana wanga wolemba mabuku uja anabwera ndi nkhani yoti akusonkhanitsa ndakatulo za anthu osiyanasiyana m'buku limodzi. Akuti yanga ya ndowa ikhale pa tsamba loyamba, inu muikande pa lata la mkuwa pamodzi ndi chithunzi chake. Ndinakana. Ndakatulo zanga zakhala m'mutu muno zaka zonsezi, mvula sinazinyowetsepo, chiswe sichinazilawepo. Sukulu sindinaipondepo, koma mumsewu uno palibe ukwati umene unatha ine ndisanaimirire. Ndiye mwanayo anayamba kudandaula, ndipo mukudziwa mmene amadandaulira, ngati mayi ake, chapansipansi koma osalekeza. Ndavomera kuti ndipume.

Nayi ndakatuloyo:

Unabwera ndi ndowa yodontha,
ndinatseka bowo, ndinasiya kabowo.
Unabweranso ndi ndowa yodontha,
ndinatseka kabowo, ndinamasula chogwirira.
Mayi ako anati mmisiri uyu ngwachabe,
iwe unati tiyeni timuyesenso.

Msewu wonse unadziwa kuti ndowa ilibe mlandu.
Wotelala anaimitsa makina kuti amve,
wometa anameta munthu khutu.
Mlongo wako anaima patsidya, nkhope ngati mandimu,
ine ndikugogoda pansi pa ndowa yabwinobwino.

Apa ndaima dala. Yatsala ndime yomaliza, imene imaliritsa azimayi ndi kutsokomoletsa amuna. Imeneyo simuiona mpaka ine nditaona ntchito ya manja anu. Munthu amene anauza makolo ake kuti mlongo wake asakwatiwe ndi wokhoma zidebe sindingamupatse katundu yense tsiku limodzi.

Mundiuze ngati bondo lanu lija layamba kupindika, komanso ngati mukugonabe m'kachipinda kapamwamba kaja konunkha mankhwala. Mlongo wanu akuti muzitsegula zenera.

Ndine mlamu wanu wamkulu,
Wokhoma zidebe


19 Febuluwale

A Gogodani,

Moni wanu wandipeza zala zili bii ndi inki, ndiye mukaona chidindo cha chala pakona apo musaganize kuti ndayamba kusaina ngati inu. Bondo likupindika, koma likapindika limakana kuwongoka. Zenera ndatsegula, muwauze achemwali.

Zoti ndinaletsa ukwati wanu nzoona. Mpaka pano ndikuonabe ngati ndinalakwa, sindinagamule. Koma zoti nkhope yanga inali ngati mandimu, ndipo ndikande mawu amenewo ndi dzanja langa lomwe, ndiye mwandipezerera. Ndakanda. Liwu la mandimulo ndalikongoletsa kuposa ena onse.

Tsopano mvetserani, chifukwa ntchito yanga si yogogoda mpaka chinthu chivomere ngati yanu. Lata la mkuwa ndimalipaka phula. Paphulapo ndimakanda ndi singano, mawu ndi chithunzi chomwe. Ndikamaliza ndimaliviika mu asidi, asidi n'kudya mkuwa m'mizere yokandayo. Akadya, wadya, palibenso chofufutira. Kenako ndimapaka inki n'kudinda pa pepala ndi makina opukusa. Ndiye sindingaviike lata limene mawu ake ndi osatha. Panopa lili pa shelefu, ndaliphimba ndi bokosi, ndipo m'munsi mwake ndasiya malo aakulu ngati chikhato, oyembekezera ndime yanuyo. Phula silikonda kutentha, silikonda fumbi, ndipo kuno zonse ziwirizi zilipo.

Mwati mukufuna kuona ntchito ya manja anga. Nacho chithunzicho, ndachijambula ndi pensulo monga chilili pa lata. Mnyamata wakhala pa chitsa ndi hamala, mtsikana waima ndi ndowa, patsidya pa msewu pali munthu wooneka bwino amene akuganizira tsogolo la mlongo wake.

Tumizani ndimeyo. Sindingakubereni, ndilibe ukwati woti ndikainene.

Mlamu wanu,
Wozokota


5 Malichi

Alamu,

Tadzuka, kaya inu. Chithunzi chafika, ndachiyang'ana bwinobwino pakhonde, ndaitananso wometa kuti adzaone, poti iye ndi amene amadziwa mitu ya anthu.

Choyamba, hamala simugwira chomwecho. Mnyamata wanuyo waigwira pakhosi ngati supuni. Akamenya kamodzi dzanja lithyoka. Chachiwiri, ndowa imeneyo ndi ya m'sitolo, yopanda msoko. Ndowa ya mlongo wanu inali ndi msoko kumbali ndi mkombero wawaya kukamwa, ndipo chogwirira chinali pa makutu awiri okhomedwa ndi misomali yofwaphika. Ndowa yopanda msoko ingadonthe bwanji? Anthu akaona aganiza kuti ndinachita kuiboola, pamene ine ndinkangosiya kutseka. Zimenezo nzosiyana.

Kunena za makutu, a mnyamatayo mwawatenga kwa ndani? Munthu wa makutu otero mphepo ikawomba sangaime.

Mtsikanayo mwamutha. Pamenepo sindinena kanthu, musatupe.

Konzani zimenezi kaye. Ndime yomaliza ili pano, sikuthawa. Ndikanaitumiza lero, koma lero kwachita mitambo ndipo mlongo wanu ali ndi zochapa. Komanso ndakatulo yotere sainena munthu atakhala pa mpando wa ndalema ngati wodwala. Nthawi yake ikwana.

Wokhoma zidebe

(Achimwene, ndawonjezera ndine. Makutuwo musakonze, ndi ake ndithu.)


24 Malichi

Bambo anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi, ndipo mankhwala a phewa mukumwa osati kubisa m'thumba la jekete monga ndinawapezera ulendo watha. Kuno ndili bwino, kungoti tulo tachepa ndi bukuli.

Dzulo ndinakwera kwa amalume. Ndinawapeza atasungunula phula, ayambiranso ndowa yonse chifukwa cha msoko wanu. Hamala aikonza. Ndi anthu okalamba, bambo, maso awo amachita misozi akakanda nthawi yaitali, ndipo ntchito imeneyi akuigwira chifukwa cha inu, ngakhale onse awiri simungavomere. Akuganiza kuti mukuwalanga pa nkhani ya ukwati ija. Ngati ndi choncho, akwana, alangika.

Olemba ena onse anatumiza zawo kalekale. Mayi wina wolemba ndakatulo za m'chipatala anawerenga ndime zanu ziwirizo, anaseka mpaka kuvula nsapato, ndipo tsiku lililonse amandifunsa kuti zinatha bwanji. Ndimamuyankha kuti sindikumbuka, chifukwa nthawi imene munkainena ndinali mwana, ndinkakhala panja ndi anzanga.

Osindikiza ayamba ntchito kumapeto kwa Meyi. Lata likapanda kufika, tsamba loyamba silingakhale lopanda kanthu. Anzanga akuti tiikepo ndakatulo ya bambo uja wa pa wailesi, amene mumati mukamumva mumatsitsa mawu. Ine sindikufuna, koma sindili ndekha m'bukuli.

Chinanso. Amayi andiuza kuti mumayendayenda pafupi ndi shedi yanu yokhomeramo zidebe n'kumagwedeza loko. Adokotala anati hamala ayi. Kiyi ndinawasiyira amayi ndipo ndinawalumbiritsa. Mwagwira ntchito zaka zambiri, pumani. Chimene ndikupempha ndi mizere yochepa chabe, yonena muli khale.

Mwana wanu


10 Epulo

Mwana wanga,

Tili moyo. Mankhwala ndikumwa, mayi ako amaima pamaso panga mpaka nditatsegula kukamwa ngati mwanapiye.

Za munthu wa pa wailesiyo, umuike ngati ukufuna buku lako lizikuwa lokha pa shelefu. Amene uja si wandakatulo, ndi woitanira basi amene anasochera. Amatenga liwu limodzi n'kulibwereza mpaka litafa.

Amalume ako sindikuwalanga. Ndikanafuna kuwalanga ndikanawaika m'ndime iliyonse. Ndimeyo ibwera ndikafuna ine. Unabadwa iwe itapangidwa kale, ndiye usandiuze za kumapeto kwa Meyi. Miyezi ilipo yambiri, Meyi si womaliza.

Za loko, shedi ndi yanga, ndinaimanga ndekha, ndipo munthu saletsedwa kugwedeza loko wa pakhomo pake.

Bambo ako


10 Epulo

Achimwene,

Iyi ndikulemba ndekha, alamu anu apita kukameta. Mukayankha, zanga mulembe pa kapepala kapadera, chifukwa makalata anu ndimawawerengera mokweza ndipo amadziwa ndikadumpha mzere.

Sakukulangani. Ndime ija yawathawa.

Poyamba nanenso ndinkati ndi makani awo a masiku onse. Koma m'mawa uliwonse ndikamasesa ndimawamva pakhonde akuinena chapansipansi. Amayamba bwino, amadutsa wotelala, amadutsa wometa, amafika pa ndowa yabwinobwino, n'kuima. Amatsokomola. Amaitanitsa tiyi. Tiyi akatha amayambiranso. Sabata yatha anandiitana n'kunena kuti, "Iwe, ndikuyese ngati uli ndi mutu. Ndime yomaliza imayamba bwanji?" Ankaseka ponena, koma maso anali pakamwa panga ngati munthu wanjala.

Achimwene, sindikuidziwa. Zaka zonsezi akangotchula ndowa anthu onse ankatembenukira kwa ine, ndiye ndinkathawira kukhitchini kukathandiza kutsuka mbale. Ndinkangomva kuti m'nyumba mwati zii, kenako m'manja. Ndinawayankha kuti sindiyesedwa ngati mwana wa sukulu. Anati, "Ndinadziwa," n'kutembenukira kumsewu.

Ndafunsa anthu mozemba. Mkazi wa wotelala akukumbuka kuti analira, koma chimene chinamuliza sakuchidziwa. Wometa akuti munali mvula. Wogulitsa makala akuti munalibe mvula, munali njinga. Anzawo amene akanaidziwa bwino ambiri anatsogola.

Chitsekereni shedi, munthuyu wafota. Amakhala manja ali pa maondo, chala chikugogoda chokha. Dzina la mdzukulu wathu analifunafuna tsiku lina mpaka anangomuitana kuti iwe. Sanganene kwa mwana, sanganene kwa inu, ndipo akadziwa kuti ndakuuzani sadya chakudya changa mwezi wathunthu. Koma tsamba limenelo likapita kwa wa pa wailesi, adzaseka pamaso pa anthu, ndipo ndikudziwa kuti sadzaimiriranso pa ukwati wa munthu.

Ngati mukuikumbuka, ngakhale mzere umodzi, nditumizireni. Ndidzaung'ung'udza ndikuchapa ngati wangondibwerera.

Mlongo wanu


23 Epulo

A Gogodani,

Moni kwa inu ndi a m'nyumba. Ndowa ndaiika msoko, hamala ndaitsitsa dzanja. Makutu ndawasiya, ndinafunsa kwa anthu odziwa.

Lero sindikulemba za ndime yanu, muisunge, mwina ikuswa ana. Ndili ndi vuto lina. Lata langa lina la mkuwa, latsopano, linagwa pa masitepe ine n'kulipondanso, ndiye lapindika pakati. Lata lopindika silingadinde, makina amafuna losalala ngati galasi. Ndinapita nalo kwa owongola magalimoto kuseri kwa msika. Mmodzi analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti likawongoka likhala ndi mabala a hamala. Wina anati ndingolitaya. Ndinawauza kuti ndinali ndi mlamu amene kale akanaliwongola osasiya chipsera, koma anakalamba, masiku ano amangokhala pakhonde kuwerenga njinga zodutsa. Anati amisiri akale onse amatamidwa chomwecho akasiya ntchito.

Ndalipereka kwa dalaivala wa basi ya m'mawa, lakulungidwa m'thumba la simenti. Sindikuti muliwongole, ndikudziwa za phewa. Mungoliyang'ana, mundiuze ngati ndilitaye. Mukalephera kudziwa, mufunse wometa.

Mlamu wanu,
Wozokota

Kapepala kapadera:

Achemwali, aka musawerenge mokweza. Ndimeyo nanenso ndilibe. Akafika pa mandimu ndinkatuluka kukasuta, kuti aone kuti sizikundikhudza. Koma ndikukumbuka kumene ndinaimva koyamba. Sikunali ku ukwati, kunali ku shedi, ndikubwera kudzakutengani. Ankainena akugogoda, mzere uliwonse ukugwera pa hamala. Munthu ameneyu sanapangepo ndakatulo manja ali chete. Lata ndalipinda ndekha pa bondo labwinoli. Tsegulani shedi, mukhale pakhomo ndi cholembera, musamuyang'ane. Kwa mwana ndidzayankha ndine.


14 Meyi

Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Masabata apita popanda kalata, ndipo mtima wanga suli m'malo. Bambo akudwala? Ngati akudwala mundiuze, ndisiye zonse ndibwere.

Amalume ndikawafunsa amangoyang'ana kudenga n'kuyamba kundiuza za mtengo wa phula. Lata lija likadali pansi pa bokosi. Osindikiza ndawapempha kuti ayambire kumapeto kwa buku kubwerera kutsogolo, andiseka koma avomera. Bambo wa pa wailesi uja wamva, wabwera kale kawiri ku ofesi atavala tayi, ndakatulo ili m'manja, yamasamba anayi.

Ngati bambo safuna, angonena, sindikwiya. Mwina ndinalakwa kuwakakamiza. Koma ndiyankheni.

Mwana wanu


20 Meyi

Alamu anga a Kandakanda,

Tadzuka. Phewa likupweteka, ndipo mwana asamve, apo ayi ndikudziwa pokupezani.

Lata lanu likubwera ndi dalaivala yemwe uja. Mukalilandira mupite nalo kwa owongola magalimotowo, muliike pa tebulo, muthirepo madzi pang'ono, aone ngati madziwo apeze poti atsetserekere. Akapeza bala la hamala ngakhale limodzi, mundilembere, ndidzasiya kudzitcha mmisiri. Mkuwa samenya ndi chitsulo. Ndinauyala pa thabwa losalala, ndinaphimba ndi chikopa, n'kumausisita ndi nyundo yamtengo kuyambira m'mphepete kulowa pakati, pang'onopang'ono, ngati ukugoneka mwana. Ana a masiku ano amafuna chitsulo chiwaope. Chitsulo sichiopa munthu.

Koma alamu, ine ndagwira malata moyo wanga wonse. Lata logwa pa masitepe limaphwanyika pakona. Lata lopondedwa limakhala ndi chidendene. Lanuli linapindika bwinobwino pakati, mozungulira, kukula kwake ngati bondo la munthu wowonda. Sindikufunsa kanthu. Ndangoti mudziwe kuti ndinaona.

Mlongo wanu ananditsegulira shedi mwini wake, akuti ankafuna tsache limene anaiwalamo. Munali fumbi ndi akangaude, chidutswa changa cha njanji chomenyerapo malata chachita dzimbiri, koma chitsa chokhalira chikundidziwabe. Iye anakhala pakhomo, akuti m'nyumba mukutentha.

Tsono popeza chithunzi mwakonza, ndipo mwavomera pamaso pa anthu a mumzinda kuti mlamu wanu ndi mmisiri, ndaona kuti mwakwana kulandira ndime ija. Ndinkangodikira zimenezo. Nayi:

Ndowa ija inatha, tinadzalamo tsabola.
Lero wakhala pakhomo, magalasi pamphuno,
imvi zikusuzumira m'mphepete mwa mpango,
ukunamizira kuyang'ana msewu.
Sendera pafupi, tchera bwino, mkazi wanga,
wodontha tsopano ndine,
ndipo mmisiri wotseka palibe.

Ndi yomwe ija, mmene ndinaipangira ndili mnyamata. Sindinasinthe liwu ngakhale limodzi, ndipo aliyense wonena zina abwere adzandiuze pamaso. Ikandeni bwino, zilembo zikhale zofanana ndi za mandimu zija. Mumuuze mwana kuti wa tayi uja abwerere ku wailesi.

Ngati muli ndi malata ena ogwa pa masitepe, tumizani. Ndili ndi ndakatulo zina, ya wotelala, ya njinga ya adokotala, ndi ina ya maliro a galu wanga. Mlongo wanu akuti cholembera chikadali ndi inki, ndiye tisachedwe.

Ndine mlamu wanu wamkulu,
Wokhoma zidebe

(Achimwene, ndine. Tsiku loyamba m'shedimo munangotuluka dzina lanu, ndipo zimene linatuluka nazo sindilemba. Mawa lake anayamba ndakatulo ndi nyundo, anafika pa ndowa yabwinobwino, anaima. Nyundo yokha inapitirira. Inagogoda nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana msewu mpaka khosi kuuma. Kenako mawu anabwera, amodziamodzi, ndipo ndi amene mwawerengawo.

Mukudziwa inunso kuti pamene ankandifunsira ndinalibe imvi, ndipo magalasi ndayamba kuvala chaka chathachi. Nditamaliza kulemba anandiuza kuti ndiwawerengere. Ndinawerenga. Anati, "Ndi imeneyo, waikumbuka tsopano?" Ndinati ndaikumbuka.

Viikani mu asidi tsiku lomwe mulandire, asanaganize zoikonza. Mwana ndimulembera ndekha za kiyi. Koma pa chithunzi paja, mtsikana wa ndowayo mumusiye momwemo, musamuveke magalasi.)